Kabokosi ka Machesi M'thumba la a Greenwell

Ku Chipasula, mukapitirira chigayo n'kukhota pa kiyosiki ya madzi, pali nyumba ya malata adzimbiri ya Bambo Greenwell Kamtedza. Tambala akaphedwa m'deralo, ena amathamangira chiwindi ndi nthutumba, koma a Greenwell ankathamangira nthenga za m'khosi. Ntchito yawo idali yomanga mafulayi, tinyambo tabodza ta nthenga ndi ulusi timene amamanga pa mbedza kuti nsomba iziyesa kachilombo ka m'madzi. Nsomba yake si chambo kapena mlamba ayi. Ndi trauti, ija imakhala m'mitsinje yozizira ya pamwamba pa mapiri.

Luso adali nalo, pamenepo tisawanamizire. Adaphunzira ali mnyamata pa fakitale ina ya ku Blantyre imene inkatumiza mafulayi kunja, ndipo fakitaleyo itatsekedwa adabwera ku Lilongwe atakulunga m'thaulo vayisi yawo, kachitsulo kopanira mbedza pomanga. Kwa zaka makumi atatu adakhala chiweramire pa tebulo, magalasi ali pamphuno. Koma padali nkhani imodzi imene sankafuna kuti itchulidwe pakhomo pawo. Chibadwire adali asanaonepo trauti yamoyo, ndipo adali asanaponyepo fulayi m'madzi. Wina akayerekeza kufunsa, ankamuyankha kuti telala sachita kukwatira kaye kuti adziwe kusoka suti ya ukwati.

Makasitomala adatha mmodzimmodzi, poti masiku ano anthu amangoitanitsa zinthu pa foni kuchokera kunja. Khomo limene lidatsala lidali limodzi lokha, loji ina ya pamwamba pa phiri la Zomba. Amene ankagwirira khomolo kuti lisatsekeke adali Che Abdullah, mnzawo amene adakhala naye pa benchi imodzi ku fakitale kuja. Che Abdullah adasiya zomanga n'kukalowa ntchito yoperekeza alendo ku mtsinje, kuwaonetsa maiwe amene muli nsomba. Ubwenzi wawo sudali wa pakamwa. Mwana woyamba wa a Greenwell atamwalira, Che Abdullah adafika maliro asanatuluke, nanyamula nawo bokosi mpaka kumanda. Chaka chilichonse pa Idi, mwendo wa mbuzi unkafika ku Chipasula pa basi ya m'mawa.

Loweruka lina la mwezi wa Sepitembala, Che Abdullah adatulukira pakhomo fumbi lili mbuu m'nsapato. Mayi Tusekele, akazi a a Greenwell, adawalandira ndi tiyi ndi mbatata. Mayiwa adali a ku Karonga, ofatsa, ndipo ndiwo ankasankha nthenga ndi kuzitsuka. Kumanga nako ankakudziwa, adakuphunzira ndi maso, ngakhale amuna awo sankawawerengera.

Atamwa tiyi, Che Abdullah adaika timapaketi tiwiri pa tebulo.

"Achimwene, ndabwera ndi ntchito yaikulu," adatero. "Mwezi wamawa kukubwera alendo khumi ndi awiri a kalabu ya owedza ya ku Joni. A Ralph, bwana wathu, amafuna kuitanitsa mafulayi komweko. Ine ndinakana. Ndinawauza kuti mmisiri tili naye konkuno, ndipo mafulayi ake akapanda kugwira nsomba andichotse ntchito. Ndaika ntchito yanga chikole, achimwene."

A Greenwell adamwetulira, natsegula timapaketi tija. M'kena mudali mbedza zachilendo, zopindika pakhosi ngati chigongono. M'kena mudali timikanda takuda, tosawala, tochepa ngati njere za mapira koma tolemera modabwitsa.

"Imeneyi amaitcha jigi," adafotokoza Che Abdullah. "Okutobala kumatentha, madzi amachepa, ndiye nsomba zimakagona pansi penipeni pakati pa miyala. Sizikwera, olo muziitane ndi dzina. Fulayi iyenera kuzitsata komweko msanga, madzi asanaikokolole. Mkanda wolemerawu ndiwo umaimiza, ndipo kupindika kwa mbedzaku kumachititsa kuti nsonga iziloza kumwamba, isamakole miyala. Thupi likhale lowonda. Ulusi, timichira titatu, basi. Nthenga zikachuluka zimaigwira m'mwamba."

Adavula kapu nazula kafulayi kamene kadali kobaya m'mphepete. Kadali kakuda, konyotsoka, kotafunidwa ndi mano a nsomba. A Greenwell adakakweza pafupi ndi magalasi, nayamba kuseka.

"Chitosi cha khoswe ichi? Che Abdullah, mwakwera basi kuchokera ku Zomba kudzandiuza kuti ndimange chitosi cha khoswe?"

"Chitosi chimenecho chagwira nsomba makumi anayi. Ndipo mukamanga, muziyesa. Muiponye mu mgolo wa madzi uli pakhondepo, muwerenge. Musanafike pa zitatu ikhale itafika pansi, nsonga ili m'mwamba."

"Ine ndiviike fulayi yanga mu mgolo ngati thewera?"

Che Abdullah akadakhala munthu wachiphamaso akadaseka nawo n'kuisiya nkhaniyo, koma adali mnzawo.

"Achimwene, manja ndi anu, palibe angatsutse. Koma maso a ku mtsinje ndi anga. Inu mumamangira maso a munthu wogula, pamene wodya fulayi ndi nsomba. Ndipo nsombayo inu simunaionepo."

Mawuwo adali oona, ndipo n'chifukwa chake adawawa. Choipitsitsa n'chakuti adanenedwa mayi ali pomwepo akuchotsa makapu. A Greenwell adavula magalasi, nayamba kuwapukuta ndi malaya. Nthawi yonyamuka itakwana sadadzuke pampando. Munthu wochokera kutali chotero, mnzako wa zaka makumi atatu, osamuperekeza ngakhale pa chigayo pokha! Adaperekeza ndi Mayi Tusekele, manyazi ali tho, mpaka pa siteji ya minibasi.

Lolemba a Greenwell adayamba ntchito, mtima uli ndi mfundo. Mbedza zopindika zija adazigwiritsa, koma timikanda takuda adatikhuthulira m'kachitini natikankhira pansi pa bedi. Adatulutsa mikanda yawo yakale yonyezimira ngati golide, yopepuka. Pakhosi pa fulayi iliyonse adakulunga nthenga ya nkhanga, pathupi ubweya wofiirira, kumchira nthenga za tambala zambirimbiri. Zoona zake, adali mafulayi okongola kuposa onse amene adamangapo. Aliyense wolowa m'nyumbamo ankagwira pakamwa.

Mayi Tusekele okha ndiwo sankagwira pakamwa. Amuna awo akapita kukasewera bawo masana, iwo ankasolola kachitini kaja n'kukhala pa vayisi, kafulayi kachitsanzo kali pambali. Adamanga makumi awiri, owonda, akuda, osasangalatsa. Tsiku lina adaitana amuna awo pakhonde, mgolo uli wodzaza.

"Bambo a Dyna, tangoonani chabe. Sindikutsutsana nanu."

Adaponya yawo. Imodzi, ziwiri, idali itafika kale pansi, nsonga italoza kumwamba. Kenaka adaponya ya amuna awo. Idayamba yayandama, nthenga zitatambasuka, kenaka n'kumatsika mozungulira ngati tsamba louma. Mayi adawerenga mpaka zisanu ndi zinayi.

"Mgolo si mtsinje," adatero a Greenwell.

"Ku mtsinje madzi amayenda, bambo. Ndiye kuti ikafika pansi itadutsa kale nsomba."

"Kodi mwakhala wophunzira wa Abdullah tsopano? M'nyumba muno mmisiri ndi mmodzi."

Adalowa m'nyumba, natenga lezala, nayamba kupala mafulayi a akazi awo imodziimodzi mpaka mbedza zidatsala zambulanda. Mayi sadalire. Adangoima pakhomo manja ali kumbuyo, ndipo m'manjamo mudali mafulayi asanu ndi imodzi amene adawapulumutsa. Adawabisa m'kabokosi ka machesi.

Che Abdullah ankaimba foni pafupifupi tsiku lililonse. Ankapempha kuti awatumizire chithunzi cha fulayi imodzi yokha, koma a Greenwell ankati kamera ya foni yawo idafa. Adagwirizana kuti katundu atumizidwe pa basi kutatsala sabata kuti alendo afike, koma sabatayo idadutsa. A Greenwell adali ndi maganizo ena. Adafuna kukapereka okha, m'manja mwa bwana, pamaso pa alendo, kuti Abdullah akamve ndi makutu ake anthu akuyamikira.

Pa tsiku la ulendo, a Greenwell atavala jekete la ku tchalitchi, Mayi Tusekele adawaponyera kabokosi kaja m'thumba.

"Zikakavuta mukapereke izi kwa Che Abdullah. Simukuyenera kunena kuti ndinamanga ndine."

A Greenwell adafuna kukataya pomwepo, koma anthu a pa kiyosiki ankawayang'ana, ndiye adangokasiya m'thumbamo. Atafika ku Zomba sadapite kunyumba kwa mnzawo monga mwa masiku onse. Adagona ku resiti hausi, ndipo m'mawa mwake adakwera njinga yamoto mpaka pamwamba pa phiri.

Adapeza alendo ali pakhonde la loji, atavala kale nsapato zawo zazitali zolowera m'madzi. A Ralph, bwana wa pamalopo, adali atatuluka thukuta ndi nkhawa, ndipo ataona mabokosi a mafulayi adapumira m'mwamba. Atatsegula adaimba mluzu. Alendo adaunjikana, ena kujambula mafulayi, ena kujambula mmisiri. Mayi wina adawagwira chanza ndi manja awiri. A Greenwell adamva kukoma kumene adali asanakumvepo chitsekereni fakitale.

Che Abdullah adafika kuchokera kumtsinje kumene adapita m'mamawa kukaona maiwe. Adapereka moni, natola fulayi imodzi, naiyeza pachikhatho. Nkhope yawo idagwa.

"Mikanda ija ili kuti, achimwene?" adafunsa motsitsa mawu.

"Ili kunyumba. Taonani mmene anthu akusangalalira."

Che Abdullah adabweza fulayi ija m'bokosi, nanyamula ukonde wawo wowolera nsomba, natsogolera alendo.

A Greenwell adatsatira pambuyo, nsapato za tchalitchi zikuterereka pa masamba ouma a paini. Pa dziwe loyamba adaima pa mwala nasuzumira. Madzi adali oyera mbee, ndipo pansi penipeni, pakati pa miyala, adaona mithunzi isanu yaitali, yamawangamawanga, ikugwedeza michira pang'onopang'ono. Zaka makumi atatu akudyera nsomba imeneyi, lero ndiye adaiona.

Mlendo woyamba adaponya. Fulayi idatera bwino, nthenga zidatambasuka, ndipo madzi adaitenga n'kuidutsitsa pamwamba pa nsomba zija, kutalika kwa mkono wathunthu. Nsomba sizidasunthe. Adaponyanso, chimodzimodzi. Wachiwiri, wachitatu, dziwe ili, dziwe linalo, nkhani yake yomweyo. Trauti zinkangoyang'ana mafulayi a golide akudutsa kumwamba monga mmene anthu a ku Chipasula amayang'anira ndege.

Che Abdullah adavutika tsiku limenelo, munthu wamkulu kuthamanga uku ndi uku ngati wamisala. Adatenga sizasi n'kumeta nthenga, koma mkanda wopepuka udali wopepukabe. Adapanira timtovu pa chingwe, koma fulayi inkatsalira m'mwamba, mtovu n'kumakola m'miyala, zingwe n'kumaduka. Kuseka kwa alendo kudatha. Ena adakhala pansi n'kuyamba kudya masangweji nthawi isanakwane.

Dzuwa lili paliwombo, Che Abdullah adapita pamene padakhala a Greenwell, nanjuta pafupi nawo. Malaya adali atanyowa ndi thukuta.

"Achimwene, mulibe kena kalikonse? Ngakhale kachitsanzo kaja ndinakusiyirani? Imodzi yokha yolemera ikhoza kundipulumutsa. Akangoona nsomba imodzi mitima itsika."

Dzanja la a Greenwell lidali m'thumba la jekete, litafumbata kabokosi ka machesi. Ankamva kulemera kwake. Koma kukatulutsa kudali kuvomera, pamaso pa anthu amene adawajambula m'mawa uja, kuti Abdullah ankanena zoona, kuti mkazi wosankha nthenga wamanga zoposa mmisiri. Adayang'ana kumbali.

"Ndilibe," adatero.

Che Abdullah adagwedeza mutu, nadzuka, nabwerera ku madzi.

Pofika folo koloko panalibe ngakhale nsomba imodzi. Alendo adabwerera ku loji, ndipo mtsogoleri wawo adauza a Ralph kuti masiku atatu otsalawo akawathera kunyanja. A Ralph sadakalipe. Adaitana Che Abdullah pakhonde la ofesi, a Greenwell akumva ali pa benchi.

"Che Abdullah, gulu limeneli ndakhala ndikulinyengerera zaka zinayi. Ndinafuna kuitanitsa kunja, inu munakana. Mawu aja munanena ndinu, sindinakukakamizeni."

"Ndinanena ndine, bwana."

Adavula jekete lobiriwira la pantchito, nalipinda bwino, naika makiyi a sitolo pamwamba pake. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zidathera pamenepo. Adalowa m'kachipinda kawo natuluka ndi kachikwama ndi ndodo yawoyawo yowedzera, yakale, yomangamanga ndi tepi.

Ndipo taonani mtima wa munthu. Atatuluka adaima patsogolo pa a Greenwell nati, "Tiyeni ndikuperekezeni, achimwene. Njinga zimaima kumunsi kwa mlatho."

Adatsika limodzi. Pa kamlatho ka matabwa a Greenwell adasolola mpango kuti apukute nkhope, ndipo kabokosi kaja kadatuluka nawo. Kadagwa pa thabwa ndi kaphokoso kosakhala ka machesi, n'kutseguka. Timafulayi takuda tidamwazika.

Che Abdullah adawerama natola kamodzi. Adakayeza pachikhatho, nakatembenuza, nakayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenaka adaika chikwama pansi, nalumikiza ndodo yawo, namangirira kafulayiko ku chingwe. Adatsikira pansi pa mlatho naponya kamodzi kokha. Kafulayi kadalowa m'madzi kuti chubwi, osaonekanso. Chingwe chidayenda pang'ono, kenaka chidaima, ndodo n'kupindika.

Idali trauti yaikulu, yonenepa, ya mzere wofiira m'nthiti. Che Abdullah adaikokera m'mphepete, nanyowetsa manja, naichotsa mbedza mosamala. Adaikweza pang'ono kuti a Greenwell aione bwino, kenaka adaibwezera m'madzi. Adadula kafulayi kaja, nakwera pa mlatho, natola tinzake tonse, nabwezera m'kabokosi.

"Wamanga ndani?"

"Mayi a Dyna."

"Munali nazo pamene ndinakufunsani masana paja?"

A Greenwell ankafuna kuti mnzawoyo awatukwane, awamenye ndi ndodo ija, chilichonse. Che Abdullah adangowaikira kabokosi m'manja.

"Ntchito ndikanaiiwala, achimwene. Ntchito zimatha. Mukawauze alamu kuti ali ndi manja abwino." Adanyamula chikwama chawo naloza kumunsi. "Njira ndi yomweyi, simusochera."

Adatembenuka nalowera kanjira ka m'nkhalango, osacheuka.

A Greenwell adafika ku Chipasula mawa lake madzulo. Mayi Tusekele sadafunse kuti ulendo wayenda bwanji. Popachika jekete adapeza kabokosi kaja, natsegula, naona mafulayi onse asanu ndi imodzi, imodzi yokha ili yonyotsoka ndi mano a nsomba. Adawayang'ana amuna awo, ndipo amuna awo adayang'ana pansi. Kuyambira tsiku limenelo mayi adasiya kusankha nthenga. Adayamba kukazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pa chigayo, ndipo ndizo zimadyetsa nyumbayo mpaka lero.

Chowawa n'chakuti a Greenwell adaphunzira. Adasolola kachitini kaja pansi pa bedi, ndipo tsopano amamanga majigi owonda, akuda, abwino kwambiri. Mukadutsa m'mawa mudzawapeza pakhonde ataweramira mu mgolo, akuponya fulayi, milomo ikuwerenga. Imodzi, ziwiri, yafika. Koma wogula palibe. A Ralph amaitanitsa ku Joni, ndipo dzina la Kamtedza sakufuna n'kulimva komwe. Mafulayi angodzaza m'zitini za mkaka pawindo.

Za Che Abdullah zimamveka kuti amagulitsa mabulosi ndi mapichesi m'mbali mwa msewu wokwera phiri, kuthamangira galimoto za alendo amene kale ankawatsogolera ku mtsinje. A Greenwell amawaimbira Lachisanu lililonse masana, nthawi imene akudziwa kuti atuluka ku mzikiti. Foni imaitana mpaka kuduka yokha. Idi yadutsa kawiri, ndipo basi ya m'mawa sidabweretse kanthu.

Amene adawajambula ndi kuwagwira chanza ndi manja awiri adakwera ndege, ndipo sakumbukanso ngakhale dzina lawo. Amene adakwera basi kudzawauza mawu owawa m'nyumba mwawo ndi amene adaika ntchito yake chikole chifukwa cha iwo, ndipo ndi yemweyo adamumana kabokosi ka machesi. A Greenwell adazindikira mochedwa, khomo litatsekeka kale, zimene akuluakulu adanena, kuti wakutsina khutu ndi mnansi.